Tsopano aliyense akufuna mwana wamsonkho

Kwathu kuchigwa, kuyambira ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, mawu oti "wamsonkho" kale sanali dzina la ntchito ayi. Inali mfuu. Mayi akangoona patali munthu wa kabudula wa khaki akukankha njinga, chibuku atamangirira pakaliyala, amakuwa ngati akuingitsa kabawi pa anapiye, ndipo amuna a m'mudzi amasanduka mphepo. Ena m'mapira, ena m'bango la kumtsinje, a miyendo yabwino amalunjika kuphiri. Lero mawu omwewo anthu akuwatchula malovu ali m'kamwa. Pitani pa ukwati uliwonse mukamve mmene mayi amanenera kuti mwana wawo "ali ku MRA." Amatsitsa mawu pang'ono, komatu motsitsa moti onse amve.

Mantha akale aja sanagwe kumwamba. Msonkho wa nyumba unabwera ndi Harry Johnston dziko lino litangolowa m'manja mwa Angelezi mu 1891. Ndalama yake inkaoneka yochepa, mashiling'i atatu pa nyumba, koma munthu wolima mapira ndi kuvuula usipa akanaitenga kuti shiling'i? Ndiye cholinga chake chinali chomwecho. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imene ansembe a White Fathers ankayamba mishoni ya Mua mu 1902, boma linakonza zoti munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu azilipira theka la zimene akulipira mnzake wongokhala pamudzi. Msonkho ndiwo unatulutsa amuna m'midzi kupita ku minda ya azungu kummwera, ku Halale ndi ku Joni. Wolephera kulipira ankamutenthera nyumba, pena kumugwirira mkazi chikole mpaka mwamuna atatulukira yekha. Agogo anga ankasimba zimenezi osakweza mawu, ngati akunena za chaka cha dzombe.

Kuchokera mu 1933, pamene mafumu akuluakulu anapatsidwa mphamvu zoyendetsa madera awo pansi pa Bwana DC, ntchito yotolera inatsikira kwa ana a m'mudzi momwemo. Panafunika makalaliki odziwa kulemba maina ndi kuwonkhetsa. Nanga akanawapeza kuti, kupatula kusukulu za mishoni? Umo ndi mmene ntchito ya msonkho inalowera m'banja mwathu.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali wamsonkho. Anaphunzira pa Mua, anali ndi dzanja lokongola polemba, ndipo ntchitoyo anaigwira kuyambira dziko lisanalandire ufulu mpaka tsitsi litachita mbuu. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, ndalama zinali zitasintha kukhala kwacha ndi tambala, mu 1971, ndipo mwamuna aliyense wokwana zaka 18 ankayenera kupereka K3.50 pachaka. Makalata a kubadwa kunalibe. Zaka 18 ankaziwerenga pachibwano: ndevu zikangomera, wakula, lipira. Ndikudziwa anyamata amene ankadzimeta ndi chibenthu cha botolo sabata iliyonse, osati chifukwa cha atsikana ayi.

Amalume ankadziwa malo okhala. Nyengo yogulitsa thonje, iwo amakaika katebulo kawo pamthunzi mapazi ochepa kuchokera pazenera lolandirira ndalama. Mlimi akulandira apa, ndalama zisanatenthe n'komwe m'manja, maso aphana ndi amalume. Akachoka pamenepo, chiphaso cha msonkho chili m'thumba, amakumana ndi anyamata a chipani ofuna kuona khadi. Mapepala awiri amenewa ndiwo anali miyendo ya mwamuna masiku amenewo. Popanda iwo sukwera basi, sulowa mumsika, ngakhale sitima ya pamtunda imene inkaima pa Golomoti ndi pa Mtakataka umangoiwerenga mabogi ikudutsa.

Kodi analemera nayo ntchitoyi? Anasiya njinga imodzi, wailesi, ndi jekete limene mayi analisunga m'sutikesi mpaka njenjete zitalimaliza. Chimene anakolola chochuluka chinali kusungulumwa. Pamowa, iwo akafika nkhani zimatha, chipanda chimayenda mwachangu, anthu n'kuyamba kukumbukira kuti mbuzi sanazitsekere. Kutchalitchi, tsiku lowerenga za Zakeyu, makosi amatembenuka okha. Iwo amangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva. Ndinali mwana koma ndinkachita manyazi m'malo mwawo.

Komabe munthu uja ankaidziwa ntchito yake kuposa mmene buku lawo linkanenera. Ankadziwa mwezi umene ndalama imalowa m'mudzi uliwonse: kwa olima thonje liti, kwa a mpunga liti, kwa asodzi a kugombe liti. Ankadziwa khomo limene mwamuna wagona chaka chonse ndi chifuwa, ndi khomo limene mwamuna akunama kuti alibe pamene wakwirira ndalama m'chitini pansi pa nkhokwe. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake njinga imangokhala m'nyumba miyezi ya dzinja. Anandiyankha kuti, "Iwe, mwezi wa February sapempha munthu ndalama. Ukapeza mwini nyumba akudya gaga, ukalemba chiyani m'bukumo?" Panali midzi ina imene ankadutsa dala tsiku la maliro, podziwa kuti pamaliro satulutsa buku, kenaka n'kukanena kuti anafikako. Izi ndinazimva kwa mayi iwo atamwalira kale.

Msonkho wa pamutu uja unatha m'nyengo ya kusintha kwa ndale, zaka za referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Kumudzi kunali nthungululu. Anthu anati wamsonkho wafa, ndipo ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti iwo salipira msonkho, za msonkho n'za a m'tauni. Chonsecho wamsonkho anangotsika panjinga n'kulowa m'paketi ya shuga. Ali m'thumba la simenti, ali pa lata lililonse limene mwakhoma padenga, ali m'mayunitsi a foni, ali m'mafuta a minibasi imene mwakwera kuchokera pa Golomoti kupita ku Salima. Kale tinkamuona n'kumuthawa. Lero timamulipira m'mawa ndi madzulo osamupatsa ndi moni yemwe.

Ntchito yeniyeniyo inasamukira m'maofesi. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Malawi Revenue Authority ndi lamulo la 1998, ndipo linayamba kugwira ntchito mu February 2000, litaphatikiza nthambi ziwiri zakale za boma, ya kasitomu ndi ya msonkho wa pa zimene munthu wapeza. Likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre. Taonani, dzina limene tinkaopsezera ana lalembedwa pachinyumba chosanja pakati pa mzinda.

Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikulemba mabuku a ndalama m'masitolo a anthu ku Lilongwe, choncho anthu a msonkho ndakhala nawo moyang'anana patebulo kambirimbiri. Anthu akumudzi akamva za ntchitoyi amangoona munthu wa yunifolomu ataima pachipata. Ameneyo alipo ndithu: pa Dedza, Mwanza, Mchinji, Songwe, Muloza, Chiponde, ndi pamabwalo a ndege, la Kamuzu ndi la ku Chileka. Ntchito yake si kuima chabe. Ayenera kudziwa kuti katundu ali m'lole ndi wa gulu liti m'buku la mitengo ya msonkho, mtengo wake weniweni ndi uti pamene mwini wake walembetsa wabodza, wachokera dziko liti, ndipo ngati dzikolo tili nalo pa mgwirizano wa SADC kapena COMESA. Zonsezo amazilowetsa pa kompyuta m'ndondomeko yotchedwa ASYCUDA. Kulakwitsa nambala imodzi, boma lataya mamiliyoni, apo ayi wamalonda wosalakwa wagona sabata pachipata.

Koma ambiri sali pachipata. Pali a msonkho wa m'dziko momwe muno: wa pa malipiro uja timati PAYE, wa VAT umene unalowa m'malo mwa surtax ndi lamulo la 2005, wa phindu la makampani, ndi uja amadula ndalama isanafike kwa mwini wake. Pali ofufuza mabuku, amene ine ndimawaopa ndi kuwalemekeza pamodzi. Mtsikana wina wochepa thupi, wa msinkhu wa mwana wanga, anakhala masiku atatu m'kaofesi kathu osalandira ngakhale botolo la Fanta, ndipo tsiku lachitatu anandisonyeza malisiti awiri a nambala imodzi amene mnyamata wa pakauntala ankabera abwana. Abwanawo analipira chindapusa akutukwana, koma wakuba anamudziwa tsiku limenelo. Pali othamangitsana ndi ozembetsa katundu m'njira zam'tchire usiku. Pali maloya, makamaka chikhazikitsireni malamulo atsopano a 2021 a kayendetsedwe ka msonkho ndi a bwalo lomva madandaulo a olipira. Pali akatswiri a kompyuta oyendetsa Msonkho Online, kumene anthu amalembetsa ndi kupereka malipoti awo pa intaneti. Pali ophunzitsa anthu za msonkho pawailesi ndi m'misika, owerengera chuma, madalaivala. Ndi mudzi wathunthu.

Ndipo si ntchito yogona tulo. Chiyambireni nkhani ya Cashgate mu 2013, pamene mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zimene ankathira mwachindunji m'bajeti ya boma, mtolo waukulu unagwera pamutu pa wamsonkho. Mankhwala m'chipatala, choko kusukulu, malipiro a aphunzitsi ndi apolisi aja amaphunzira ku Mtakataka, zonse zimayang'ana kwa iye. Chaka chilichonse amapatsidwa mlingo woti akwanitse. Mlingo umenewu ukhoza kupotoza anthu: mu 2012 nduna ya zachuma, a Ken Lipenga, inavomera poyera kuti bungweli linakongola ndalama kumabanki kuti zioneke ngati latolera zokwanira m'nthawi ya bajeti ija ankati yopanda ngongole. Amalume ankaopa Bwana DC mmodzi. Ana a lero ali ndi mabwana ambiri.

Tsono chaka chatha mlongo wanga wa ku Mtakataka anakwera minibasi kudzandipeza. Mwana wake wamkazi anali atamaliza dipuloma ya zowerengera ndalama, woyamba m'banja mwathu kufika pamenepo, ndipo mpunga wa zaka zitatu wa ku sikimu ya Bwanje unathera pa fizi. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, mbumba ndi yako, ndiye nkhaniyo inayenera kufika kwa ine.

"Achimwene," anatero atatha kumwa tiyi, "inu mumadziwana nawo anthu a msonkhowa. Mulowetseni mwanayu. Akangolowa kumeneko, ife tapuma."

Ndinamuuza kuti ine ndilibe khomo lolowetsera munthu, ndipo malipiro a kumeneko ndi abwino poyerekeza ndi a mphunzitsi, koma si oti mudzi wonse n'kupumirapo.

Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Malipiro? Ndani akunena za malipiro? Simunaone nyumba imene wamanga mwana wa uje, zaka zitatu zokha ali pachipata? Mbuzi imadya pomwe aimangirira, achimwene."

Mawu amenewa anandikhala pamtima masiku ambiri. Mlongo wanga si munthu woipa. Ndi mayi wa Chikatolika wolimbika, sanabepo ngakhale nkhuku. Ndi yemwe uja ali kamtsikana ankathamanga kukachenjeza amuna kudimba kuti njinga ya amalume yaoneka. Za mwana wa uje sindikudziwa kanthu, mwina anatenga ngongole kubanki, mwina mkazi wake ali ndi bizinesi. Chimene chinandiwawa n'chakuti mlongo wanga sanaganizeko n'komwe zimenezo. Ndinaona kuti maganizo athu pa wamsonkho sanasinthe ngakhale pang'ono kuchokera nthawi ya agogo. Kale tinkati ndi wolanda, ndiye tinkamuthawa. Lero tikuti ndi wolanda, ndiye tikufuna akhale wathu. Mwana asanalembe ndi kalata yomwe yofunsira ntchito, abale amuwerengera kale malata, fizi ya ang'ono ake, ndi ng'ombe ziwiri za ngolo. Akadzalowa n'kumakhalira malipiro ake okha, tidzati ndi wouma mtima, kapena wopusa. Timadandaula za katangale m'nyuzipepala, chonsecho timamuphika tokha pamafuwa a kwathu.

Zina zonse ndi zovuta wamba, zimene mwana aliyense wakuchigwa amazidziwa. Ntchito zikatuluka amalengeza m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Nyuzipepala imafika pa Mtakataka mwa apo ndi apo, kawirikawiri itakulunga kale nsomba, ndipo intaneti imafuna bandulo. Mwana wa ku Area 47 wamva m'mawa womwewo, wathu adzamva tsiku lotsekera litadutsa. Maudindo ambiri a ukatswiri amafuna digiri: ya zowerengera ndalama, zachuma, zamalonda, zamalamulo kapena za kompyuta, kuchokera ku MUBAS imene tinkaitcha Polytechnic, ku yunivesite ya ku Zomba, ndi kwina kovomerezeka. Ofunsira amakhala khamu, malo ochepa, ndipo pamakhala mayeso asanakuitane kokacheza nawe. Ukapambana amakakuphunzitsanso kusukulu yawo ya za msonkho ku Blantyre, kenaka akutumize kumene afuna iwo, kaya ku Songwe kaya ku Marka, osati kumene kuli amako. Nanga mwana wa sekondale yoyendera, kumene mphunzitsi wa masamu ndi mmodzi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, adzafika liti pa mzere umenewu? Msewu umayamba kutsekeka ali ndi zaka 14.

Pamwamba pa izo pali atambwali. Mlongo wanga anali atatumiza kale ndalama pafoni kwa munthu amene anadzitcha bwana wolemba anthu ntchito, ati ya fomu ndi yoti dzina likwere pamwamba. Nambalayo inazima tsiku lomwelo. Thumba limodzi la mpunga linapita choncho. Ntchito yoona salipiritsa munthu poifunsira, koma amene wasimidwa samva zimenezo.

Mwanayo ndinamuitana payekha. Ndi wofatsa, koma maso ake ndi a amalume aja, oyang'ana chinthu mpaka atachimvetsa.

"Mwanawe, ntchitoyi ukuifuna iwe kapena amako?"

"Ndikuifuna ine, amalume. Koma osati mmene akuifunira amayi."

"Ukuifuniranji?"

Anandiuza za mayi wogulitsa tomato pa Golomoti amene amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, wagulitsa kaya sanagulitse, pamene wogula mpunga wobwera ndi lole amadzaza matumba mazana n'kupita osasiya dzina lake m'buku lililonse. Anati akufuna adziwe mmene zimenezi zimayendera, ndani amalemba malamulo ake, ndipo chifukwa chiyani wamng'ono ndiye sasowa. Ndinaona kuti mwanayu ali nacho chinthu chimene sukulu siphunzitsa. Amadziwa mmene ndalama imayendera kumene kulibe malisiti: mmene wogula usipa kugombe amawerengera phindu lake pamtima, mwezi umene mlimi wa thonje ali ndi kanthu, ndi mwezi umene kumufunsa ndalama n'kumutukwana. Anthu ambiri a dziko lino amakhala moyo umenewo, ndipo boma likufuna kuwalowetsa m'kaundula wa msonkho. Likatuma anthu amene sanagonepo ndi njala ya February, adzabwerera ndi mabuku opanda kanthu ndi midzi yokwiya.

Ndinamuuza kuti khomo si limodzi. Ntchito ya msonkho ili mbali zonse ziwiri za tebulo. Pali makampani ovomerezeka othandiza amalonda kuombola katundu pachipata, ndipo kalaliki wa kumeneko amaphunzira buku la kasitomu lomwelo limene ofisala amagwiritsa ntchito. Pali ntchito ngati yanga, yokonzera amalonda mabuku, kuwalembetsa kuti akhale ndi nambala ya msonkho, ndi kuwawerengera zoyenera kulipira kuti asaberedwe komanso asabe. Makhonsolo nawo, chiyambireni lamulo la maboma aang'ono la 1998, amatolera ndalama zawo za misika ndi ziphaso za malonda, ndipo amafuna owerengera. Ali pantchito zoterezi munthu akhoza kumalemba mayeso a ICAM pang'onopang'ono, kapena kuwonjezera maphunziro ku Malawi College of Accountancy mpaka digiri itakwana. Ndi njira yozungulira, ngati msewu wa Khwekhwelere, koma imafika pamwamba.

Anakwera Khwekhwelere yemweyo mwezi wa May. Anapeza malo pa kampani ina yaing'ono yoombola katundu pachipata cha Dedza, moyang'anana ndi Calomue wa ku Mozambique. Malipiro ake ndi ongokwana lendi, ufa ndi makandulo owerengera usiku. Mwana wobadwira kotentha, kumene timagona pakhonde mwezi wa October, akuti m'mawa zala zimakanika kugwira cholembera. Ndinamutumizira juzi ndi buku langa lakale la malamulo a msonkho, ngakhale theka la zili m'menemo zinasintha.

Sabata yatha anandiimbira usiku.

"Amalume, mwagona?"

"Ayi, lankhula mwanawe."

Anati dalaivala wina wa lole anabweretsa mapepala a katundu, ndipo pakati pake panali ndalama zopindidwa bwinobwino. Mapepalawo ankanena matumba ochepa kuposa amene anali m'lole. Dalaivala anati angolemba mmene zilili papepalapo, zinazo aziona okha kutsogolo. Iye anatulutsa ndalamazo n'kumubwezera, nati alemba zimene wawerenga ndi maso ake. Dalaivala anaseka, anatenga mapepala ake n'kupita pa kampani ina yoyandikana nayo. Abwana ake sanamukalipire, koma sanamuyankhulenso tsiku lonse, poti kasitomala wapita. Anzake a muofesi ayamba kumuitana kuti "Sisitere wa ku Mua."

"Ndiye ukuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Palibe, amalume. Ndimangofuna ndiuzeko munthu. Koma amayi musawauze."

Sindinawauze. Mlongo wanga anaimba Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, kufunsa ngati mwanayo wanenapo kanthu za malata, poti mvula ili pafupi ndipo denga la kuchipinda likudontha.